Jekete la Kuseri kwa Chitseko

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, kungoti bondo lija layambiranso.

Ndikadali ku koleji, mu kaofesi kolangiza ophunzira za ntchito. Timawaphunzitsa kulemba makalata ofunsira ntchito ndi kuyankha mabwana mosanjenjemera. Kuseri kwa chitseko tinapachika jekete lakuda lobwereketsa aliyense woitanidwa ku intavyu. Anawa amaseka kuti jeketelo ndi lomwe lidzayambe kulembedwa ntchito, poti mabwana onse alizolowera.

Mwana wanu walibwereka kasanu ndi kawiri. Nthawi zonse amalibweza lamakwinya, akudandaula, ine n'kumuuza kuti alimbe mtima. Koma Lachiwiri analibweza atachapa ndi kusita. Sanadandaule. Anangoti, "Azakhali, zikomo pa zonse, sindidzalifunanso."

Ndinamufunsa ngati ntchito yapezeka. Anangomwetulira, n'kupatsa moni wa m'manja aliyense mu ofesi, ndi amayi osesa omwe. Dzulo ndamva kuti mabuku ndi nsapato zake wagawira anzake.

Sindikufuna kukuopsezani, achimwene. Koma ndikuopa kuti mwanayu wataya mtima, angadzichite choipa. Muimbireni foni lero, musadikire Lamlungu monga mumachitira. Ndipo chonde, za ntchito musamufunse.

Ndine mlongo wanu.