Ndinasesa kafukufuku wa Tadala

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Lero ndi Lachisanu masana, dzuwa lapendeka, ndakhala pakhonde kuno ku Bangwe. Mupirire nazo zilembo zokhotazi, inu mukudziwa pomwe ndinalekezera sukulu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wa mwana wanga Yohane anachira, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yomwe ija, koma mawu watengera ine, akalira amamveka mpaka kumsika. Kumunda kwanu ku Machinjiri chimanga sichinachite bwino, mvula inadula chikumasula, koma nandolo wabereka mpaka nthambi kugwada. Mtengo wa mapeyala munadzala uja unagwetsera nthambi pabafa, mwayi munalibe munthu.

Zabwino zathera pomwepo. Tsopano khalani pansi, mwana wanu wachita zamanyazi, ndi imvi zomwezi.

Mukumukumbuka Tadala, mwana wa Loveness wanga, uja munkamubereka kumbuyo mukupeta? Pano ndi mtsikana wamkulu, ali chaka chomaliza ku yunivesite, akuphunzira utolankhani. Ine ndinkaganiza kuti sukulu imeneyi ndi yophunzira kuthamangitsa andale ndi maikolofoni, koma ayi. Akuti asanavale gauni ayenera kuchita kafukufuku, kufunsa anthu mafunso n'kulemba buku lathunthu. Mutu wake unali woti amayi a m'matauni muno nkhani amazimvera kuti, ndipo amadziwa bwanji kuti iyi ndi yoona, iyi ndi bodza.

Anabwera mwezi watha n'kundipempha mwaulemu. "Agogo, mundiitanireko anzanu tidzacheze. Asakonzekere chilichonse, angobwera mmene alili."

Ndinavomera. Amayi, pali chinthu chimene simukuchidziwa. Chichokereni inu kunabwera mafoni otumizirana mawu, ndipo amayi a kuno tili ndi gulu lathu. Ine m'gulumo amanditcha Wayilesi. Paja munkati, "Estere, pakamwa pako palibe chitseko." Ndiye taganizani pakamwa pomwepo atapapatsa foni. Chaka chino chomwe ndinamva kuti a Makwinja a kumtunda amwalira, ndinatumiza osafunsa, anthu n'kunyamula ufa ndi nkhuni kupita kusiwa. Anakawapeza a Makwinja akumeta ndevu pakhonde. Mpaka lero akandiona amati, "Moni kwa amene anandipha."

Ndiye ndinadzifunsa kuti, mdzukulu wanga akafunsa kuti mabodza amachokera kuti, amayiwa aloza ndani? Ndinakumbukanso mawu anu aja oti mlendo asamapeze zinyalala pakhomo. Tadala si mlendo, koma yunivesite ndi mlendo. Ndinati ndisese.

Titaweruka ku mapemphero a amayi, ndinawakokera anzanga onse pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinawaphikira tiyi wamkaka, zitumbuwa pambali, kenako ndinayamba kuwaphunzitsa ngati kwaya. Akafunsa kuti nkhani mumazimvera kuti, muziti pa wayilesi, nthawi ya nkhani. Akafunsa za pa foni, muziti timayamba tafufuza kaye. Akafunsa za mphekesera, muziti ife ndi akhristu, zimenezo sitipanga nawo. Tinabwereza mpaka aliyense analoweza. Ndinakabwerekanso nyuzipepala kwa wogulitsa tchipisi n'kuiyala patebulo, mbali ya mafuta ndinaitembenuzira pansi.

Tsikulo litakwana, amayi anabwera atatchena ngati akupita ku chinkhoswe. Tadala anaika foni yake pampando kuti izijambula mawu. Amayi inu, kwaya inaimba! Funso lililonse yankho limodzi, osaphonya ngakhale liwu. Ine kudzitukumula pakona ngati nkhukutembo. Ndinaona Tadala akukwinya nkhope pang'ono, koma ndinati ndi nkhope ya ophunzira.

Chapakati anatuluka kukapempha aneba kuti atsitse nyimbo. Apo ndi pomwe amake Dalitso, aja ogontha khutu limodzi, anandiweramira kuti andinong'oneze. Kunong'ona kwawo mukukudziwa, kumaposa kondakitala woitanira za ku Limbe. "Anaphiri, akafunsa za a Makwinja paja tinagwirizana kuti tiyankhe chiyani?" Ndinawatsina n'kuti, "Muziti simukudziwa, mwaiwala kale?" Tonse tinaseka. Foni ili pampando phee, ikumeza zonse.

Tadala polemba anadumpha pamenepo, poti ankadziwa kuti anali panja. Koma aphunzitsi ake atawerenga anadabwa kuti amayi onsewa akuyankha ngati ana a sukulu ya mkaka. Anati abweretse mawuwo amvere limodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anamva zonse, ndi kuseka komwe. Ndipo anaganiza kuti amene anaphunzitsa kwayayo ndi Tadala. Kumeneko, Amayi, kuphika mayankho ndi mlandu waukulu ngati kubera mayeso. Munthu amatha kuchotsedwa sukulu, zaka zonse zija n'kupita m'madzi.

Tadala anabwera kuno, anagwada n'kundipatsa moni monga munatiphunzitsira. Sanakalipe. Anangoika foni pamphasa n'kuitsegula. Ndinadzimva ndekha mawu anga, akuthwa ngati lumo. Ndinayesa kudziteteza, ndinati mwana iwe, ndinkafuna kuti akuluakulu ako asatione ngati mbuli, ndinangosesa pakhomo. Anandiyang'ana misozi ili lengelenge. "Agogo, zinyalala zomwezo ndi zimene ndinadzera."

Ine amene ndinayankhapo wapolisi mpaka iye kupepesa, tsiku limenelo ndinangozimitsa foni ija n'kumubwezera. Mwana uja mayi ake akhala akuyenda wapansi kupita ku ntchito kuti iye akwere minibasi. Ine n'kudzamugwetsa ndi tiyi ndi zitumbuwa. Ndipo kunena zoona, sindinkasesera yunivesite. Ndinkabisa dzina langa.

Lachiwiri ndinavala chitenje cha kutchalitchi n'kupita konko. Zitseko zake zambirimbiri, zonse zofanana, mpaka ndinalowa m'chipinda momwe anyamata anavala zinthu m'makutu akuyeserera kuwerenga nkhani. Aphunzitsiwo ndi mayi wa kumpoto, wamagalasi, msinkhu wa Loveness. Ndinagwada pansi mu ofesi mwawo, iwo n'kudzuka msanga kundidzutsa. "Amama, chonde, khalani pampando." Ndinakana. Ndinafotokoza zonse ndili chogwada, za Wayilesi, za a Makwinja, za nyuzipepala ya tchipisi. Ndinkayembekeza kuti aseka, bola akanaseka. Anangovula magalasi n'kunena kuti, "Mukudziwa kuti mwanayu anakana kukutchulani? Anati mlandu ndi wake chifukwa sanayang'anitsitse."

Amayi, pamenepo ndinalakalaka simenti ija itang'ambika ndilowe.

Amupatsa mwayi umodzi wokha. Mawa abwereza kafukufuku uja. Ofunsidwa awasankha yekha Tadala, ena a pampopi, ena a kumsika, ndipo aphunzitsiwo abwera kudzakhala nawo. Akamvanso fungo la kwaya, gauni chaka chino kulibe. Ine andiuza mwaulemu kuti ndisapezekepo, pakhomo panga pomwe.

Ndikudziwa zimene zikanenedwe. Akafunsa kuti mphekesera zimayambira kuti, pampopi ponse aseka n'kuyang'ana nyumba ino. Tadala akuti m'buku salemba mayina, amangoti "mayi wina". Koma ku Bangwe kuno ndani sadziwa mayi winayo? Ndilowa m'buku la ku yunivesite, Amayi, ine amene sindinamalize pulayimale, koma ndilowa ngati chitsanzo cha matenda.

M'mawa uno pampopi amake Dalitso anandifunsa kuti, "Nanga mawa tiziti chiyani?" Lilime linandiyabwa ngati ndadya chitedze. Ndinati, "Akakufunsani munene zimene mukudziwa, ndi za ine zomwe." Anandigwira pachipumi kuti aone ngati ndili ndi malungo.

Kalatayi mukawerenga muwapatsireko abambo, paja ankati pakamwa panga padzaluma mwana wanga yemwe, adziwe kuti sananame. Koma azakhali a Nasiyani musawaonetse, angaifalitse manda onse dzuwa lisanalowe. Kumene ndinatengera ndi komweko.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulonjeza ichi. Mawa kukacha ndikwera ya ku Machinjiri kukathyola nandolo wanu. Foni ndimusiyira mkazi wa Yohane. Tsache ndalibisa kale kuseri kwa chitseko. Masamba a mapeyala agwa bwalo lonse, nkhuku nazo zachita zake pakhonde, ndipo aphunzitsi a ku yunivesite adzaponda pomwepo. Mundikhululukire kamodzi kokha aka, sindisesa.

Ndine mwana wanu,
Estere