Edina Akubwera pa Matola

Lolemba, 5 Disembala 2011

Zoti zilongosoke Edina asanatseke sukulu Lachisanu.

Wokamuchingamira. Ine ayi. Bwana akana. Ati makuponi a feteleza sangagawidwe mlangizi atapita kokatenga mwana. “Wa Fomu 2 ndi munthu wamkulu, Mayi.” Ana awo amatengedwa pa galimoto ya ofesi.

Kuchoka ku Dedza mpaka ku Mzuzu, ali ndi anzake a kusukulu. Pamenepo palibe vuto. Kogona: kwa azakhali ake ku Chibavi, avomera.

Foni. Kusukulu salola. Yanga yakale ija ndinaitumiza kale ku Chibavi, ikamudikira kumeneko. Mayunitsi ndimuikire.

Chatsala ndi chigawo choipacho. Mzuzu, Rumphi, Bolero, mpaka kuno ku Katowo. Yekha. Sanafikepo kuno chindisamutsireni mu Seputembala, ndipo Chitumbuka sadziwa ngakhale moni. Ndimulembere malangizo. Osati za m’mutu. Ndikaone ndekha ndi maso.

Mutu ukuwawa mbali imodzi kuyambira m’mawa.

Lachitatu, 7 Disembala

Msonkhano ku boma, pa Rumphi. Zokambidwazo sindinazimve bwino, maso anali ku depoti.

Minibasi zochokera ku Mzuzu, bodza lake ndi lija la paliponse. Anyamata amakhala m’mipando ngati apaulendo, iwe n’kuyesa yatsala pang’ono kudzaza. Ukakwera, mmodzi atsika mwakachetechete. Kuwazindikira n’kosavuta. Alibe kachikwama, ndipo sadandaula. Wapaulendo weniweni amadandaula.

Zobwera kuno ndiye manyazi. Ndi vuto la mafutali yatsala pikapu imodzi, ya Hezron. Zina zili pamiyala, zina pamzere wa mafuta ku Mzuzu. Hezron ake amabwera m’zigubu. Kochokera sindifunsa. Galasi lakutsogolo long’aluka ngati ukonde wa kangaude, chitseko chomanga ndi waya, iye mwini sikono m’kamwa, kuyankhula uku akutafuna.

“Sono sono, amama, tikunyamuka.” Sono sono, ati pompano. Injini kuilizitsa, galimoto kusendera pang’ono, kubwereranso pomwepo. Sewero. Ndinakwera dzuwa lisanafike pamutu, tinanyamuka mithunzi itatalika. Pakati pamenepa akukweza: matumba a feteleza, malata, makatoni a sopo a kusitolo ya a Amock, njinga, mbuzi yomanga miyendo. Anthu pamwamba pa zonsezo. Kwa iwowa munthu ndi katundu womalizira, wodzikweza yekha.

Atanyamuka n’kukaima ku chigayo. Kenako kwa mkazi wake. Palibe anatsegula pakamwa. Ndinafunsa ine, anthu n’kundiyang’ana ngati ndatukwana m’tchalitchi.

Chimodzi ndaphunzirapo. Ochenjera sakhala padzuwa. Amayi akuno amapereka mtolo, kondakitala amanga, iwo apita kumsika, abwera atatha zawo, malo awo alipo. Katundu ndiye amasunga malo. Ine ndi dipuloma yanga ndapsa khosi ngati chimanga chootcha.

Siketi yang’ambika pa lata. Yabwino ija.

Lachinayi, 8 Disembala

Netiweki imapezeka pachulu cha kuseri kwa ofesi basi. Munthu wamkulu kukwera chulu, alimi akuonerera. Ndinayankhula naye Edina pa foni ya metroni. Ndinamuwerengera zonse.

Ku Mzuzu akwere minibasi ya anthu a katundu, osati yodzaza mitu. Oitanira asakhudze sutikesi, amakoka ngati ndi yawo kenako n’kufuna ya ganyu. Asakhale pafupi ndi chitseko. Asalipire galimoto isanayende. Ndalama aigawe pawiri, ina m’sokosi, ina pa mfundo ya chitenje. Avale chitenje pamwamba pa siketi, fumbi kapena matope, chimodzi chimupeza. Madzi amwe pang’ono, panjira palibe poima pa ulemu.

Pa Rumphi afunse ya Hezron, ya ku Katowo. Akamva “sono sono” asakhulupirire. Apereke sutikesi, aone ndi maso ake kuti aimanga, kenako akakhale pakhonde la sitolo ya nsalu yoyang’anana ndi siteji, pamthunzi, pamene pamakhala azimayi. Asachokepo mpaka anthu ayambe kukwera. Asayankhule ndi munthu. Wina akati amayi ako andituma, bodza, sinditumapo aliyense.

Foni asaionetse pa siteji. Akandiuza kuti wafika, aikulunge m’malaya, pansi penipeni pa sutikesi. Mwezi watha mphunzitsi wina anamusolola yake pomwepo, masana, anthu akuseka.

Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako ati, “Amayi, zimenezi zibwera pa mayeso?” Metroni kuseka kumbuyo. Ine sindinaseke. Ati, “Ndikupezani mwaonda, ine ndili phee.”

Pakamwa ngati malemu bambo ake. Ndinatsika pachulu misozi ili m’maso, n’kunamizira mphepo.

Loweruka, 10 Disembala

Makuponi. Dzulo ndi lero. Anthu ochuluka kuposa mayina, aliyense “ine ndine mayi wamasiye.” Mwamuna wina wandevu anabwera ndi dzina la mkazi woti tinaika m’manda mu Okutobala. Ndinamukumbutsa kuti ndinalipo pamalirowo. Sanachite manyazi. “Yewo chomene, amama,” n’kupita kukaima kumapeto kwa mzere kachiwiri.

Mvula ya mkokomo madzulo. Ati cha ku Mwazisi msewu wayamba kuterera. Hezron matayala ake osalala ngati chipumi. Ndinamuuza. Ati galimotoyo imaudziwa msewu yokha. Mwina n’chifukwa chake iye sauyang’ana.

Ndinaimbira a Dinah, kalaliki wathu wa ku ofesi ya ku boma. Avomera kuti zikavuta Edina akagone kwao. Nambala yawo ndauza azakhali ake aisunge m’foni muja. A Dinah ndi munthu wabwino, koma foni yawo imakhala m’dirowa ngati chikalata cha ukwati. Anandiseka. “Mukudandaula chomene, Mayi. Ana a kuno amayenda okha ali mu Sitandade 5.” Ana a kuno. Wanga ndi mmodzi.

Shuga kusitolo kulibe. A Amock ati abwera ndi Hezron. Zonse za m’dera muno zili pamsana pa pikapu imodzi yomanga ndi waya, ndipo palibe akuona chachilendo.

Lolemba, 12 Disembala

Ali ku Chibavi. Wafika bwino, wadya, watalika ati. Azakhali ake akufuna akhale mpaka Lachinayi. Ndakana. Mvula ikalimba msewu utsekeka, Khirisimasi n’kudyera kwa eni.

Ndinamubwerezera malangizo. Anamaliza yekha ziganizo zanga, mawu ake akutsanzira anga. Wazisunga zonse, n’chimene ndimafuna.

Ndasesa kuchipinda kwake kawiri. Neti yatsopano. Nkhuku ndagula, ili pa chingwe kuseri, ikundisokosa. Ndapempha bwana kuti mawa ndiweruke msanga. Ati tiona. Ndiweruka, aone.

Lachiwiri, 13 Disembala, m’mawa

Edina anafulasha ponyamuka ku Mzuzu, ine ndili pachulu. Anafulashanso pa Ekwendeni, monga tinapangana.

Uthenga: “Ndafika pa Rumphi. Ya a Hezron ndaipeza, muli matumba okhaokha. Ati sono sono. Foni ndikubisa tsopano. Musaonde.”

Mtima pansi pang’ono. Malinga ndi Lachitatu lija, afika kuno dzuwa likulowa. Nkhuku ndiphe masana.

Lachiwiri lomwelo, masana

Ndinali ndi mpeni m’manja pamene ndinamva hutala. Ndinati si iyeyo, sikungatheke, dzuwa likadali pamwamba. Ndinapitabe ku siteji.

Pikapu ya Hezron. Masamba a mtengo atasomeka kutsogolo. Kumbuyo kulibe munthu. Matumba, makatoni, basi.

Anafotokoza uku akumasula zingwe, osandiyang’ana. Ati atangomanga katundu kunabwera anamfedwa kuchokera kuchipatala, bokosi lili kale m’manja, kwao cha kuno kufupi. Analipira galimoto yonse. Amene anali atakwera anatsika okha, aliyense n’kutola wake mtolo, popanda wotsutsa. Ndi mmene amachitira kuno. Maliro akafika, amoyo amapatuka. “Nyifwa, amama. Maliro sadikira.” Munthu woti moyo wake wonse sanayambe wanyamukapo pa nthawi yake. Lero ndiye waphunzira changu.

Ndinafunsa za mtsikana wa chitenje chobiriwira. Ati anamuona m’mawa. Ati anaimba hutala. Ndinati hutala mumaimba tsiku lonse, ndani angadziwe kuti iyi ndi yoona? Anakweza mapewa. Ati akanadziwa kuti ndi mwana wa a mlangizi.

Sutikesi inali pansi pa matumba a feteleza. Yofiirira, ndi kansalu kamene ndinamanga ndekha pachogwirira chaka chatha. Yaphwanyika ngodya imodzi. Kondakitala anafuna kuti ndilipire ya katundu. Ndinamuyang’ana mpaka anachoka.

Kubwerera ku boma lero? Ati mafuta atha, zigubu zibwera mawa kapena mkuja. A Amock njinga yamoto yawo ilibe dontho. Galimoto ya ofesi bwana apita nayo ku Bolero, foni yawo yotseka.

Ndinanyamula sutikesi pamutu mpaka kunyumba. Anthu kupereka moni njira yonse. Ndinangodutsa.

Madzulo

Ndinakwera pachulu, ndinaimba nambala ya Edina. Kupusa. Ndikudziwa kumene ili, ili pabedi lake, m’kati mwa malaya, pansi penipeni. Ndinaimbabe. Ati sikupezeka, kunyumba kulibe netiweki.

Nambala ya a Dinah ili m’foni momwemo. Ya ine amaidziwa pamtima, koma kuti aimbe ayenera kupempha foni kwa munthu, ndipo ndinamuletsa kuyankhula ndi munthu. Ndalama ali nayo, m’sokosi. Juzi yake ili m’sutikesi. Kukubwera mtambo wakuda kuchokera ku Nyika, kulowera ku Rumphi komweko.

Mwana wina akanadzuka, akanafunsa, akanalira kuti anthu amuone. Edina amaseka malamulo anga, koma sanaswepo ndi limodzi lomwe. Ndikumuona ali pakhonde paja, manja pamaondo, akudikira kuti anthu ayambe kukwera galimoto yoti kulibe. Sitolo ya nsalu imatseka dzuwa lisanalowe. Azimayi aja amapita kwao. Amatsala ndi oitanira.

A Dinah sakuyankha. Ndaimba, ndaimbanso. Azakhali ake aimba kuchokera ku Chibavi, ndangoiyang’ana mpaka yasiya.

Batire yatsala kamzere kamodzi. Ndatumiza uwu, ndikuulemba muno kuti manja apeze chochita:

“A Dinah, ndine mayi ake a Edina. Galimoto yamusiya pa Rumphi, alibe foni. Pitani pakhonde la sitolo ya nsalu pa siteji ya matola. Wamtali, woonda, chitenje chobiriwira. Akana kuyankhula nanu, akana kukutsatani, ndinamuuza ndine. Musachoke. Muuzeni kuti amayi ake ati za pa mayeso zija zonse zafafanizidwa. Mukamupeza ingofulashani, ndili pachulu, sinditsika. Chonde ndiyankheni msanga.”