Loko Pachigayo cha Atate

Lolemba, 2 Juni 2025

Sabata yachisanu ndi chimodzi chigayo chili chotseka. Ndadutsanso m'mawa kukagwedeza loko wawo uja, ngati kuti angatseguke pondimvera chisoni. Ali pomwepo. Anthu akolola, chimanga chili mbwee m'Nangongwe monse kuno ku Kafue, ndipo azimayi akudutsa pakhomo panga ndi mabeseni pamutu kukagayitsa kutsidya kwa njanji. Ena amandipatsa moni, ena amayang'ana kumbali. Chigayo chimene atate anagula atapuma ntchito ya kunjanji, chimene chinatilera tonse, lero chikuchita dzimbiri chifukwa cha pepala limodzi.

Ndapitanso kuofesi ya zilolezo. Ba Lastone, amene anabwera ndi kalata ndi loko, ndawapeza akutafuna mtedza. "Muli shani ba Fines? Abwana kulibe, mubwele mailo." Mailo, mailo! Mawa lawolo silicha. Ndafunsa kuti fumbi ndi phokoso zimene analemba m'kalata anaziyeza liti, popeza palibe anabwera kudzaona kapena kundifunsa kanthu. Ati fayilo ili kumwamba. Kumwamba kwa Mulungu kapena?

Ndagwada mokwanira. Ndikufuna loya.

Lachitatu, 4 Juni

Mabvuto, mlongo wanga wamng'onoyu, wandipsetsa mtima. "Ba sisi, boma sasumira. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndamuuza kuti nkhono yakeyo ndaidikira mpaka msana wauma, maso ake sindinawaone. Iye amadekha bwino chifukwa nshima amadya kwanga.

Pamapeto wati anditengera kwa ba Boyd, loya wopemphera kutchalitchi kwawo. Akuti anatulutsa mnzake m'chitokosi tsiku limodzi lokha. Chabwino, tikaone.

Lachisanu, 6 Juni

Ba Boyd. Suti yonyezimira, mafuta onunkhira mpaka pakhomo. Kalata yanga anaigwira ndi zala ziwiri, maso ali pafoni. "Iyi ni nkhani ing'ono mayo. Nizabalembela kalata yaukali, bazatsegula beka." Ndinafunsa ngati anagwirapo mlandu wotsutsana ndi ofesi ya boma. Anaseka. "Mlandu ni mlandu." Mabvuto anandiponda phazi kuti ndikuchititsa manyazi.

Ati ndibwere Lachiwiri. Mtima sunakhazikike, koma ndikanatani?

Sande, 8 Juni

Kutchalitchi apempherera loko kuti athyoke. Ndadutsa pobwerera. Sanamve.

Lachiwiri, 10 Juni

Ba Boyd kulibe, ali kukhoti pa mlandu wa ng'ombe zobedwa. Kalata yaukali ija sanailembe. Mlembi wawo wandifunsa dzina katatu. Ndathawa mailo wa ba L., ndagwera mailo wovala suti. Ine ndine chitsiru ndithu.

Mu minibasi ndakhala ndi ba Fridah, ogulitsa nsomba a ku Chanyanya, amene ankagula gaga wa nkhuku zawo kwa ine. Ndawakhuthulira zonse mpaka kondakitala anatembenuka kumvetsera. Iwo ati, "Iwe Fines, dzino likawawa supita kwa wochiza mafupa. Maloya nawo ali chimodzimodzi." Gulu lawo litalandidwa chilolezo zaka zapitazo, anathandizidwa ndi mayi wina ku Lusaka, ba Choolwe, amene ntchito yawo ndi milandu ya maofesi a boma basi. Nambala andilembera pa chikhatho, pepala panalibe. Ndaimba nditangotsika. Ati Lachinayi, ndibwere ndi kapepala kalikonse.

Lachinayi, 12 Juni



Ofesi ya ba Choolwe ndi yaing'ono, mafayilo mpaka pawindo. Mayi wa imvi, wosaseka msanga. Ndinayamba ine, popeza ndaphunzira: milandu ya boma mwagwira ingati? Sanakwiye. Ati zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, zina ali mbali ya boma lomwelo, ndipo ina anawina, ina analuza. Munthu woyamba m'nkhani yonseyi kuvomera kuti amaluza.

Kalata anaiwerenga kawiri, chala chili pamzere. Ati ofesi ili ndi mphamvu yolanda chilolezo, koma osati isanakumve mbali yako. Ati sitipita kukhoti kukakangana za fumbi, tikapempha Khoti Lalikulu kuti lione ngati anatsata njira. Mtima wanga unayamba kuvina. Kenaka chala chija chinakwera pamwamba pa kalata n'kuima.

"Ba Fines, kalatayi inalembedwa pa 10 Malichi. Nkhani ngati iyi imafuna kufika kukhoti isanathe miyezi itatu. Miyezi itatu inatha dzana."

Dzana! Lachiwiri lomwe lija ndinakhala pabenchi ya ba Boyd kudikira munthu wothamangitsa ng'ombe! Ndinaimirira osadziwa. Ndinakuwa kuti kalatayo sindinaione mu Malichi, inabwera pamodzi ndi loko kumapeto kwa Epulo, chigayo chikulira, makasitomala ali pamzere. Ndiye kuti inagona m'dirowa mwa ba L. mwezi ndi theka, kenaka n'kumandiuza mailo mpaka masiku athe. Ankadziwa! Anthu amenewa ankawerenga masiku ine ndikuwagwadira.

Ba Choolwe anandisiya ndithe. Ati jaji angathe kulola nkhani yochedwa ngati pali chifukwa chomveka, koma pakamwa pokha sipakwana. Ndinasaina polandira? Iyayi. Envulopu ilipo? Ndinayatsira mbaula. Ndani anaona? Makasitomala, koma tsiku sangalikumbuke. Apo m'pamene ndinatchula kuti ndimalemba m'buku tsiku lililonse, chizolowezi cha atate, amene ankalemba ngakhale ola limene sitima yadutsa. Anavula magalasi. "Bukulo libwere Lolemba. Lonse."

Lachisanu, 13 Juni

Ndatsegula masamba a m'mbuyo. Zilimo. Lachinayi 24 Epulo: kalata ndi loko, ba L. ndi anzawo awiri, chimanga cha mayi wina chinatsala m'chigayo chosagayika. Maulendo onse a kuofesi alimo, khumi ndi limodzi, lililonse ndi mailo wake. Ndinaseka ndekha. Ndawagwira!

Kenaka ndinafika pa 29 Epulo.

Tambala. Ndinali nditamuiwala. Ulendo woyamba kuofesi ndinanyamula tambala wanga wofiira m'kabasiketi, chifukwa amayi anatilera kuti kwa wamkulu supita manja lendelende ukafuna kudandaula. Kwathu ku Katete ndi ulemu umenewo. Sindinanene kuti tsegulani chigayo ndikupatseni nkhuku. Ndinagwada n'kuti ka ndiwo ka ana aka. Koma ndi dzanja langa ndinalemba kuti, "Mwina tsopano afewa mtima." Mawu anayi amenewo, wakhoti adzawatcha chiyani? Ziphuphu.

Loweruka, 14 Juni

Mabvuto wabwera ndi lezala ndi buku latsopano lachikuto chofanana. "Ba sisi, chotsani tsambalo. Kapena koperani zonse muno, tambala musiye. Adziwa ndani?" Ndamukalipira kuti nzeru zake ndi zomwe zinandifikitsa kwa ba Boyd. Wachoka atakwiya, koma lezala walisiya patebulo. Ndipo ine sindinalitaye.

Masana ndaimbira ba Choolwe, ndawauza zonse. Ndiye ati, "Musang'ambe, musakopere. Mukatero ine nkhaniyi sindiigwira." Ati tidzalumikiza masamba ofunika okha, koma a mbali inayo angathe kupempha buku lonse, ndipo akalipeza lodulidwa, ndi 24 Epulo yemwe adzamutcha wabodza. Ndafunsa ngati tambalayo angandigwetse m'mavuto. Ati inde angathe, sandinamiza, ndipo m'chikalata cholumbira tidzayamba ndife kumutchula asanatitulukire. Popanda bukuli alibe chogwira pamaso pa jaji. "Chigayo n'chanu, dzina n'lanu. Sankhani."

Ndatukwana nditadula foni. Osati iwo ayi. Dziko lino. Wogoneka kalata m'dirowa ali pheee akutafuna mtedza, wodya nkhuku yanga wanenepa, koma woopa ndende ndine, mayi wogaya chimanga. Chilungamo chake n'chiti?

Sande, 15 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Ndakazungulira kuseri kwa chigayo n'kusuzumira pa kabowo ka malata. Lamba wagwa, akangaude amanga pa injini. Chimanga cha mayi uja chikadali mmenemo, chafumbwa. Pakhoma pali dzina la atate limene analemba ndi penti, zilembo zopendekeka.

Ndabwerera, ndatenga lezala, ndatsegula pa 29 Epulo. Kuseri kwa tsamba lomwelo kuli 30 Epulo, mailo wachiwiri wa ba L. Ndikadula cholakwa changa ndadulanso chawo. Ndakhala choncho mpaka madzi a pambaula anaphwa.

Lezala ndawengera nalo zikhadabo.

Lolemba, 16 Juni

Ndili pabenchi kwa ba Choolwe. Ndasaina pepala la pangano, tsopano ndi loya wanga. Anandiwerengera mzere uliwonse, zimene adzachite ndi zimene sakulonjeza. Mapepala akalowa kukhoti Lachitatu. Chikalata cholumbira chili ndi ndime khumi ndi zinayi, tambala ali pa ndime yachisanu ndi chinayi. Nditamumva akuwerengedwa m'Chingerezi manyazi anandigwira mpaka m'makutu, koma sindinati achotsedwe.

Mabvuto wandiperekeza. Panjira kuchokera ku Kafue, tili pa Shimabala, anandilanda chikwama n'kuchikumbatira pamiyendo pake ngati mwana.

Buku ili likutsala kuno. Ba Choolwe ati ndilembe zomaliza, ndijambule mzere pansi, pasadzapezeke wowonjezera. Ndiye kuti anthu osawadziwa adzawerenga zonse, zimene ndinanena za ba Boyd, za apongozi, ndi masiku amene ndinalira. Awerenge.

Ba Lastone, bukuli likadzafika m'manja mwanu, musavutike kufufuza, tsegulani pa 29 Epulo. Tambalayo anali wofiira. Munamulandira ndi manja awiri, munamubisa pansi pa tebulo, ndipo ndikutuluka munafunsa ngati ndili ndi thadzi lake. Zanga ndalumbira kale. Zanu mukanene nokha.

Andiitana.