Mpopi wa Kuseri kwa Msika Ukufuna Dzanja Lanu

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga msana uja unaleka kuwawa? Ine ndilipo, ndikusokabe pakhonde la sitolo lija, koma mtima suli m'malo.

Mzime wanu wadwalika. Anayamba ndi chifuwa, pano wangotsala mafupa okhaokha, moti siketi imene ndinamusokera ndatopa n'kuichepetsa m'chiuno. Kuchipatala anamugoneka, kenako anamutulutsa ndi mapiritsi, akuti tizikamuyang'anira kunyumba. Ine si mwana, ndinamva zimene ankatanthauza.

Kuseri kwa msika kuno kuli mpopi umene anthu amati ndi wodalitsika. Akuti kalekale mayi wina wogulitsa makala anamwetsapo wamisala amene aliyense ankamupirikitsa, ndipo chiyambire tsikulo sunaumepo, ngakhale tauni yonse ikhale pa ludzu. Mukundidziwa, zoterezi ndinkaziseka. Koma Lolemba ndinavundikira makina, n'kukaima pamzere ndi chigubu, mwamuna ndekha pakati pa azimayi.

Nditafika kutsogolo, mayi woyang'anira mpopiwo anandifunsa kuti wodwalayo ndi ndani wanga. Nditati ndi mlongo wanga, anafunsanso ngati ndinamuyamwitsapo. Mzere wonse unafa nalo phwete. Akuti madziwa amachiza pokhapokha atawatunga ndi dzanja lake amene anayamwitsa wodwalayo, otunga ine ndi ochapira basi. Ndinatungabe, kunyumba n'kukanama kuti lamulo loterolo kulibe. Osadziwa kuti mayi woyandikana nafe anali atamuuza kale. Mlongo wangayo kapu anaikankha, n'kutembenukira kukhoma. Akuti adikira amayi ake.

Ndikudziwa munalumbira kuti simudzaponda kumene iye ali, chithawireni ukwati munamukonzera uja. Mlandu umenewo sindiuweruza, ine ndine telala chabe. Ngati madziwo amachizadi, kaya. Chimene ndikuona ndi maso anga n'chakuti milomo yake yauma gwa, ndipo chitseko chikangolira amadzutsa mutu.

Amayi, ndagwira mwendo wanu, bwerani. Musadikire kuti mumalize kaye zakumunda. Ngati muli nawo mawu, mudzamukalipire kapu ili pakamwa. Ndili ndi mantha, usiku ndi usana womwe. Anthu ambiri ndawasokera nsalu yoyera yopita nayo kumanda, ndipo sindikufuna tepi yanga iyeze mwana wanu.

Mundiperekere moni kwa amalume, azakhali ndi alamu anga onse. Agogo musawauze kaye.

Ndine mwana wanu wachisamba,
Telala