Lamba wa Mpando Wakumbuyo

Okondedwa amalume a Ezekieli,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitweko. Kuno ku Katete tilipo, mvula yayamba.

Munandituma kuti ndikusankhireni galimoto yamagetsi, popeza munthu wosiyira yunivesite panjira alibe chochita, monga mumanenera. Wogulitsa anabweretsa ziwiri. Yoyera ndi yotsika kwambiri, singapirire msewu wokumbika wa ku Vubwi. Yakuda ndi yabwino, imayenda mwakachetechete ngati ikuzemba munthu.

Tinaiyesa masana pamsewu wa ku Mkaika, ine ndi wogulitsayo basi. Titadutsa kumanda kumene tinaika amayi, mlongo wanu, inayamba kulira kuti wokhala kumbuyo amange lamba. Ndinacheuka. Kunalibe munthu.

Wogulitsa anati, "Bwana, iyi imalira pokhapokha mpando ukalemedwa." Anaseka, koma anaima n'kukamanga lambayo. Inakhala chete. Pobwerera tinaimanso pamandapo, tinatsegula chitseko chakumbuyo, tinamasula lamba kuti wokhalapoyo atsike. Inayambanso kulira.

Kumaliro simunabwere, ndipo chiliza chimene munalonjeza sichinamangidwebe. Sindikudandaula ayi.

Ndakusankhirani yakudayo. Ifika kwanu Lachisanu, lamba wakumbuyo ali womanga. Musiyeni choncho, ndipo muziyenda pang'onopang'ono. Mukudziwa kuti amayi ankaopa liwiro.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Cosmas