Chipika cha bambo pa kilatchi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Chiromo tilipo, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe, ine ndiye kutopa.

Kathalakitala ka malemu bambo kaja kandilemetsa. Madzi ataphwa kudimba ndinakaliza bwinobwino, koma ndikaponda kilatchi giya osalowa, kumangokukuta. Masiku atatu ndakhala pansi pake, kumanga apa, kumasula apo, ndipo dzuwa la kuno mukulidziwa. Dzulo a Fombe, makaniko wa kuminda ya nzimbe, anasuzumira n'kunena kuti mbale ya kilatchi yamatirira ndi dzimbiri. Kenaka anandifunsa, "Chipika chimene bambo anu ankapanikizira chopondera dzinja lonse chili kuti?"

Achimwene, chipika cha tsanya chija ndinachichotsa ndekha, ndinkayesa zaukalamba chabe. Mlamu wanu anaphikira nyemba. Kani ndicho chinkaletsa mbaleyo kumatirira!

Chonde ndifunireni mbale ina kumeneko, muitumize chinyezi chisanathe kudimba. Panopa tayamba ndi makasu. Za chipikazi musawauze mayi. Iwo akuti thalakitala ikulira mwini wake, ndipo ine sindinatsutse.

Mulungu akusungeni kuchilendoko.

Ndine mng'ono wanu,
Zuze