Tsiku Limene Ndinakana Kutembenuka

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi adzukulu onse? Bondo lija linasiya kuvuta, kapena mukungolimba mtima monga mwa masiku onse? Kuno Mulungu akutisunga. Alamu anu ali bwino, ana ali bwino, ndipo ine, mumvetsetse bwino pamenepa, ine ndili bwino kwambiri.

Ndabwereza dala, chifukwa ndamva kuti uthenga unakufikani woti anandiona ndili chigonere pa bedi lamatayala, akundikankha m'khonde la pafupi ndi chipatala. Amene anakuuzaniyo sananame, anandionadi. Koma pukutani misozi, katundu musamange. Sindinadwale ayi. Ndinali pa ntchito ya mwana wanu Kamafunso, woyamba wanga uja, amene inu nomwe munamupatsa dzinali chifukwa chosatopa kufunsa. Ndifotokoza mwadongosolo kuti ndisasiye kanthu.

Mukudziwa kuti pano amaphunzitsa anamwino ku yunivesite. Chaka chino akuluakulu ake anamusenzetsa ntchito yokonza ndondomeko yatsopano ya maphunziro a anamwino, kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza. Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho ndikuuzani monga anandifotokozera iye mwini, akudya chiimire m'khitchini mwathu.

Anati kale ophunzira ankaphunzira munthu m'zidutswazidutswa: lero chiwindi, mawa mapapo, mkuja impso. Pomaliza sukulu ankadziwa ziwalo zonse, koma mwini ziwalozo osamudziwa. Iye akufuna kuti aziyamba ndi munthu wathunthu: thupi lake, mantha ake, a kunyumba kwake, ntchito imene imamudyetsa, ngakhale pemphero lake. Akuti chilonda sichipola mofanana pa munthu amene ali ndi womuphikira ndi pa munthu amene amakhala yekha.

Pabalaza pathu panasanduka ofesi, chifukwa kunyumba kwake ana amang'amba chilichonse. Anamata timapepala tamitundumitundu pakhoma lonse, tofiira ta za thupi, tobiriwira ta za banja, tachikasu ta za maganizo, n'kumatisuntha uku ndi uku. Tsiku lina iye kulibe ndinatikonza kuti tofiira tikhale patokha, tobiriwira patokha, chifukwa kusakanikirako kunkandipweteka m'maso. Atabwera anagwira m'mutu. Anati: ababa, chimene ndakhala ndikulimbana nacho miyezi yonseyi ndi chimenechi, inu mwachibwezeretsa pa kamphindi kamodzi! Kuyambira pamenepo ndinkadutsa pakhomapo manja ali kumbuyo.

Si onse anagwirizana naye. Kuli mphunzitsi wina wamkulu, wa imvi, amene ophunzira amamutchula kuti Bambo Mlingo chifukwa amaphunzitsa kayezedwe ka mankhwala. Iwo anati namwino wachifundo wosadziwa kuwerengera madontho ndi woopsa kuposa namwino wamwano, ndipo nthawi yocheza ndi odwala idzaba nthawi ya masamu. Anatinso zidole zophunzirirapo zilipo kale, palibe chifukwa chobweretsera anthu amoyo m'kalasi. Kunena zoona, Achemwali, mumtima ndinaona kuti nawonso ali ndi mfundo.

Mapeto ake akuluakulu anati mawu akwana, tionetseni. Anamulola kuyesa njira yakeyo pa kagulu kochepa ka ophunzira, kenaka iwo adzabwere kudzaonerera. Zikawakhutiritsa, ndondomeko ivomerezedwe. Zikapanda kutero, abwerere ku yakale ndipo ntchitoyo aipatse wina. Mwana wanu anawonda, pa sikelo sindinamuyeze koma siketi zake ndimasita ndine, ndimadziwa.

Ndiye kunafunika munthu wamoyo woti ayerekeze kudwala, wophunzira amufunse, akuluakulu akuonerera. Anabwera kwa ine. Anati akufuna munthu wosaiwala ndiponso wosaseka msanga. Ndinakana, ndinati ine ntchito yanga ndi kuchapa ndi kusita zovala za anthu, za sewero sindizidziwa, ndingakuchititse manyazi pamaso pa mabwana ako. Alamu anu anayankhira kuchipinda, akuti vomerani inu, mumadandaula tsiku lililonse muli bwinobwino, n'chiyani chatsopano chimene muphunzire pamenepo?

Ananditenga kukhala dalaivala wa lole wodwala shuga, amene anasiya mankhwala poopa kuti bwana wake akadziwa amuchotsa ntchito. Chinsinsi chimenecho sindinayenere kuchiulula pokhapokha wophunzira atandifunsa mwaulemu ndi mofatsa. Ine dalaivala! Munthu woti ngakhale njinga ndimatsika ndikaona galimoto ikubwera patali.

Ndinaloweza zonse. Kunyumba alamu anu ankakhala namwino, akundiika supuni m'khwapa ngati choyezera kutentha kwa thupi, ine ndikubuula. Ankati kubuula kwanga n'kwa munthu wodwala dzino, osati shuga, ndibwereze. Tsiku lina kushopu yanga yochapira zovala ndinaiwala kuti sindili ndekha, ndinayamba kubuula ndikusita jekete. Mayi wina amene anabwera kudzatenga makatani ake anathamanga kukaitana takisi.

Tsikulo litafika ndinavala suti yanga yakuda ndi tayi, nsapato ndinapukuta kawiri. Koma chinthu chimodzi mwana wanu anaiwala kundiuza. Titafika, mnyamata wina wa pamalopo ananditengera m'kachipinda n'kundipatsa mkanjo wa odwala, akuti vulani zonse mutsale ndi kabudula wamkati.

Achemwali, mkanjowo kumsana sutseka. Uli ndi tizingwe tomanga, ndipo kachingwe kam'munsi kanali koduka. Inu mukudziwa kuti chikulireni palibe anandionapo panja ndi malaya osapisira. Ndinafuna kupempha wina, koma nthawi inali itatha, anandigoneka pabedi n'kuyamba kukankha. Apo m'pamene wokuuzani uja anandiona. Nkhope yachisoni imene anaiona sinali yoyerekezera ayi.

Chipinda chophunziriramo chili ngati wodi yeniyeni: mabedi m'mizere, makatani ozungulira bedi lililonse, sinki pakona. Pabedi loyandikana ndi langa panagona chidole chachikulu, pakamwa pali yasa, chosavala kanthu, chosadandaula n'komwe. Kumiyendo kwanga kunaimirira akuluakulu, amuna ndi akazi, zolembera zili m'manja. Pakati pawo panali mayi amene ndi mkulu wa sukulu yonse, Bambo Mlingo aja, ndi mwana wanga.

Wophunzira amene anasankhidwa anali mtsikana wamfupi, wa magalasi. Anasamba m'manja, anandipatsa moni, anandifunsa chimene chandibweretsa, ndipo ndinayankha monga ndinalowezera. Anandiyeza kuthamanga kwa magazi. Zonse zinkayenda bwino, ine msana ndaukanikiza pa matiresi.

Kenaka anati ndidzuke, nditembenukire kukhoma kuti amvetsere mapapo cha kumsana.

Kutembenukira kukhoma kunali kupereka msana wanga wonse, ndi zina, kwa mabwana a mwana wanga ndi kwa mwana wanga yemwe. Ndinati iyayi. Mtsikanayo anabwereza mwaulemu. Ndinatinso iyayi. Mawu amenewo pa zimene ndinaloweza panalibe. Ndinaona Kamafunso akunditong'olera maso, akugwedeza mutu pang'onopang'ono kuti ababa tembenukani. Bambo Mlingo anayamba kulemba. Thukuta linatsika mpaka m'makutu. Mumtima ndinati basi, ndamugwetsa mwana wanga, timapepala tonse tija tapita pachabe. Koma thupi linakana, ngati analikhomera ndi misomali.

Mtsikanayo anaima kaye. Kenaka anatsitsa chipangizo chake chomvetsera, anawerama pafupi ndi khutu langa, n'kufunsa monong'ona kuti bambo, chikukuvutani n'chiyani? Ndinanong'onanso kuti mwana wanga, mkanjowu kumbuyo kulibe, ndipo mmodzi mwa anthu aimawo ndinabereka ndine.

Anawongoka. Anakonza magalasi ake. Ndiye ndi mawu omveka, anauza akuluakulu onsewo kuti pepani, wodwala wanga sanavomere kuonedwa ndi anthu ochuluka chonchi, ndikupempha kuti nonse muime kunja kwa katani.

Wina anatsokomola. Bambo Mlingo anafunsa kuti kodi iwe ukudziwa amene ukuwatulutsa? Iye anayankha kuti inde bambo, ndikudziwa, koma amene wagona apayu ndi amene ndamubwerera. Mkulu wa sukulu anayang'ana mtsikanayo, anayang'ana ine, n'kukhala woyamba kubwerera m'mbuyo. Ena onse anatsatira ngati ana otulutsidwa m'kalasi. Katani inatsekedwa.

Mtsikanayo anapita kukatenga jekete langa, anandifunditsa pamapewa kuti liphimbe kumsana, ndipo pomvetsera mapapo ankangotsegula pang'ono pamene pakufunikira. Achemwali, mtima wanga utakhala pansi, dalaivala uja anabwera yekha. Atandifunsa za kunyumba ndi za kuntchito, ndinafotokoza za maulendo ataliatali, za kudya zilizonse za m'njira, za bwana wosamva za munthu, mpaka ndinaulula kuti mankhwala ndinasiya poopa kuchotsedwa. Ndinalira misozi yeniyeni chifukwa cha lole imene sindinayendetsepo. Iye sanandikalipire. Anandifotokozera kamwedwe ka mankhwala ndi mmene ndingawasungire paulendo, ndipo anafunsa ngati ndingalole kuti mayi a kunyumba adzamve nawo. Kunsi kwa katani ndinkaona nsapato za akuluakulu zili ndondondo, osasuntha.

Titamaliza ndinavala suti yanga n'kukhala pa benchi m'khonde, iwo ali pa msonkhano. Ndinali nditakonza kale mawu opepesera. Chitseko chitatseguka, woyamba kutuluka anali Bambo Mlingo. Anabwera molunjika kwa ine, n'kundifunsa ngati kukana kuja anandipangira ndi mwana wanga. Ndinati ayi bwana, kunali kupusa kwanga ndekha, iye musamuimbe mlandu.

Anaseka mpaka kupukuta m'maso. Anati zaka zonse zimene aphunzitsa ndi zidole, palibe chidole chinakanapo kutembenuka. Kenaka anatsitsa mawu n'kundiuza kuti chaka chatha iwonso anagonekedwa m'chipatala, anavala mkanjo womwewo, ndipo amene anawasambitsa katani ili chitsegukire anali wophunzira wawo wakale, wokhoza masamu kuposa onse. Sanauzepo munthu.

Ndondomeko yavomerezedwa, Achemwali! Iyamba ndi ophunzira amene akubwerawa. Bambo Mlingo anaumirira kuti maola awo a masamu asachepe ngakhale pang'ono, ndipo mwana wanu anavomera ndi mtima wonse, akuti sanafunepo anamwino okoma mtima osadziwa kuwerenga. Potuluka Kamafunso anandikumbatira pakhonde pomwepo, anthu akuona, mpaka kundikwinyira malaya. Sindinadandaule. Kunyumba alamu anu anavina ndi supuni ija m'manja, akuti kwa nthawi yoyamba makani anga apindulitsa banja.

Tsopano nali pempho langa, ndipo musayankhe msanga.

Akuluakulu anaika lamulo limodzi: pofika nthawi yotsegulira sukulu, mwana wanu akhale atapeza anthu amoyo okwanira, osati ine ndekha. Odwala oyerekezera wapeza angapo. Chimene chikusowa ndi wodikirira wodwala. Mu ndondomekoyi muli phunziro lonse la mmene namwino angalankhulire ndi wachibale wovuta, uja amakhala pambali pa bedi n'kumafunsa kuti jakisoniyo ndi wachiyani, bwanji madzi a m'botolo akutsika pang'onopang'ono, bwanji simunamusinthe bulangeti, wakuphunzitsani ndani. Akuti wachibale wotere si mdani, ndi munthu wamantha amene amakonda wodwala wake, ndipo wophunzira ayenera kudziwa kumukhazika mtima pansi osamuthamangitsa.

Kamafunso atanena zimenezi, ine ndi alamu anu tinayang'anana. Tonse atatu tinatchula munthu mmodzi.

Musakwiye, Achemwali. Ndimakumbukira mmene munaimira pa bedi la malemu amayi athu, mmene anamwino ankabisalirana akamva nsapato zanu, komanso mmene amayi ankagonera tulo tabwino podziwa kuti mulipo. Paja mwapuma pa ntchito, ndipo mumadandaula kuti tsiku limatalika. Chipinda chakumbuyo ndachipenta kale, bedi ndaika lotsika chifukwa cha bondo. Ineyo ndidzakhala wodwala, inu mlongo wake. Ine ndiyenera kuloweza mawu anga onse. Inu mwana wanu akuti musaloweze kalikonse, mungobwera mmene mulili.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti tikungokubwerekani, tidzakubwezani. Moni kwa adzukulu onse, aliyense payekha. Ambuye akusungeni ndipo akupatseni mayendedwe abwino.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Wosita zovala, amene tsopano ndi dalaivala wa lole